Chulu cha mphiri ndi dzanja la achimwene

Amene anayamba kundiuza za mphiri zija anali Alimatu, mwana wa Bambo Saidi oyandikana nafe nyumba. Ndimamuonabe mpaka lero akutsetsereka kuchokera kuthanthwe ali wefuwefu, lichero lopanda kanthu lili m'manja, mpango utagwera m'khosi, mapazi ali mbuu ndi ufa wa chinangwa. Anandipeza ndikusewera phada ndekha kuseri kwa nkhokwe. "Iwe, usapitenso kuthanthwe," anatero. "Pachulu paja pali mphiri, zayala thupi padzuwa ngati ndi pakhonde pawo. Ina ndi yonenepa kuposa mwendo wakowo."

Inali nyengo imene mpunga watha kukolola ndipo mwera wayamba kuwomba. Amene anakulira kuno kunyanja akuidziwa nyengo imeneyi. M'mawa kumazizira mpaka milomo kung'ambika, mapesi a mpunga amakhala milumilu m'madambo, ndipo mudzi wonse umanunkha chinangwa chovuula kumene, fungo lowawasa lija limene mlendo amatseka nalo mphuno koma ife limatiuza kuti kondowole ali pafupi. Ntchito yathu atsikana inali kusenza chinangwacho kuchokera padziwe, kukachiyanika pathanthwe lalikulu kuseri kwa mudzi, ndi kukhala pomwepo kuingitsa mbuzi. Pambali pa thanthwelo panali chulu chakale chimene chiswe chinasamukamo, chodzaza ndi mauna. Kukazizira njoka zimalowa m'mauna otere, ndipo dzuwa likakwera zimatuluka kudzawothera pamwala. Mphiri ndiye yoipa, chifukwa siithawa munthu. Imangogona ngati mulu wa masamba ouma, ukayandikira imadzitukumula n'kupuma kuti fuuu, basi.

Amayi atamva sanachite phokoso. Anati njoka ilibe mlandu ndi munthu amene sanaiponde, tisiye thanthwelo mpaka kutenthe, amuna adule mitengo atimangire thandala pakhomo tiziyanika pamenepo. Azimayi onse anavomera. Koma kudula mitengo ndi ntchito, ndipo amuna a m'mudzi mwathu nyengo imeneyo ntchito yawo inali kukhala pansi pa mango. Mwera unali utawatsekera panyanja, mabwato ali pamchenga chafufumimba, iwo akungosewera bawo ndi kukambirana za nsomba zimene anagwira chaka chatha.

M'masiku omwewo kunafika Kamphonje. Ndikumutchula choncho popanda ulemu, Mulungu andikhululukire, ndayesa kumuika "a" patsogolo koma lilime limakana. Anali munthu wamfupi, wa jekete lamafuta, wonyamula thumba la chikopa ndi kansupa. Kumene anachokera sikunadziwike, koma kumene anafikira tonse tinakudziwa, kunali kwa mayi wina wotcheza kachasu. Iye ankati ali ndi mankhwala a njoka: akakutema mphini m'mikono ndi mu akakolo n'kupakamo ufa wake wakuda, mphiri ikakuona imafooka ngati luzi lonyowa. Akuluakulu amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Uyu anabweradi ndi lumo, limodzi lokha ladzimbiri, ndipo anatemera nalo anyamata a mudzi wonse, aliyense atapereka nkhuku. Akatha kukutema ankakupatsa malamulo: usadye therere, usadye mlamba, usadumphe munsi, usamwe madzi chiimirire, ndi ena ambiri amene ngakhale mngelo sakanatha kuwasunga.

Achimwene anga a Yohane nawonso anatemedwa. Chimwalirireni bambo athu, dzanja lawo lamanja ndilo linkatidyetsa, ine, amayi ndi ang'ono anga awiri. Dzanja limenelo linkagwira nkhafi, linkakoka ukonde, linkandigulira yunifomu ndi sopo. Sanali munthu wopusa, ayi. Koma anzawo ankawaseka pansi pa mango paja kuti, "Yohane sangatemedwe, ayambe wakapempha chilolezo kwa amayi ake." Tsiku lina tinangoona nkhuku yathu yamawangamawanga, imene inkatiikirira mazira, palibe. Amayi anayang'ana mikono ya achimwene, anaona timabala tatsopano, anangoti, "Mwagulitsa mazira a ana mwagula zipsera."

Linali Lachisanu m'mawa, dzuwa litakwera, pamene anyamata ananyamula makasu kupita kukagumula chulu. Amayi anali kudziwe. Ine ndi Alimatu tinatsatira, ndipo ine ndi amene ndinasenza mtolo wa mapesi wofukizira m'mauna, chifukwa achimwene anandituma. Chimene ndinaona kumeneko sindidzachiiwala. Anyamata onse anali opanda nsapato, akunyadira mphini zawo. Koma mwini mankhwala, munthu amene njoka zimafooka zikamuona, anavala jombo zofika m'mawondo, nakwera pamwamba penipeni pa thanthwe, n'kumaloza ndi ndodo ali patali. Alimatu anandinong'oneza kuti, "Mankhwala enieni ndi jombozo, koma sakugulitsa."

Anakumba, anafukiza. Utsi wa mapesi unkatibwerera m'maso chifukwa cha mwera. Zinatuluka mphiri ziwiri zikuluzikulu, zoyenda mwaulesi chifukwa cha kuzizira, ndipo anyamata anazipha ndi makasu akukuwa ngati apha mkango. Tiana tanjoka tinabalalika kulowa m'udzu wa m'mbali mwa njira yathu yopita kudziwe, koma zimenezo palibe anaziganizira. Kenaka wina anaona mchira m'una wina. Kamphonje anafuula ali pamwamba pake paja, "Makasu ayi! Yohane, ikoke ndi dzanja, anthuwa aone kuti mankhwala anga si masewera!" Achimwene anayang'ana anzawo, anzawo anawayang'ana. Anagwada, nalowetsa dzanja lamanja.

Sanalire. Anangolitulutsa msangamsanga, nakhala pansi, n'kumaliyang'ana ngati si lawo. Kamphonje sanatsike mpaka anaonetsetsa kuti njokayo aiphwanya mutu. Atatsika anamanga mkono wa achimwene ndi mphira wa chubu cha njinga, zolimba mpaka mnofu kutuwa, anacheka pabalapo ndi lumo lake lija, napakapo ufa wakuda. Anati asapite naye kuchipatala, jakisoni ndi mankhwala ake sizimvana. Anawagoneka pansi pa mango. Dzuwa linafika pamutu, dzanja likutupa ngati mpira, zala zikuda. Amayi anafika akuthamanga, manja akununkha chinangwa, ndipo munthu uja, m'malo mochita manyazi, anawaloza chala. "Mayi, mwanayu mwamuphikira therere. Mwapha mankhwala anga ndinu."

"Therere wake uti?" anatero amayi. "Chidyereni iwe nkhuku yanga, pakhomo panga tikudya chigwada chokhachokha."

"Ndiye kuti anadumpha munsi."

Ndipo, abale anga inu, amuna akuluakulu andevu zawo anakhala pansi kuyamba kukambirana za munsi. Wina anati anamuona Yohane akudutsa pamtondo dzulo. Wina anati kudutsa si kudumpha. Wina anafunsa ngati munsi wogona ndi woimika uli ndi mphamvu yofanana. Achimwene ali pomwepo, milomo yauma, maso akutembenuka, amayi atawagoneka mutu pamiyendo akungotchula dzina la Yesu. Ndakula, ndaona maliro ndi njala, koma sindinaonenso uchitsiru wofanana ndi bwalo limene lija.

Alimatu ndiye anathamangira kumsewu kukachingamira bambo ake, amene ankachokera kumzikiti pa njinga, atavala mkanjo wawo woyera wa Lachisanu. Bambo Saidi anali munthu wogulitsa nsomba zouma, wosalankhulalankhula. Anafika, anayang'ana dzanjalo kamodzi, anayang'ana bwalo lija. "Mlandu wa munsi mudzaweruza akabwerako," anatero. Ananyamula achimwene ngati mwana, kuwakhazika pakaliyala, napempha chitenje cha amayi n'kuwamangirira kumsana kwawo kuti asagwe. Kamphonje anakuwa kuti akafera m'njira asadzamutchule. Bambo Saidi sanacheuke. Anapalasa njinga mumchenga, mwera ukuwakankha pachifuwa, mpaka kuchipatala cha kuboma. Ine ndi amayi tinatsatira wapansi, ndipo titafika tinawapeza atakhala pakhonde, mkanjo uja uli magazi ndi masanzi, akutidikira kuti atiuze kuti mwana ali moyo.

Moyo unatsala, ndipo ndimathokoza Mulungu m'mawa uliwonse. Koma zala zitatu anazidula. Adokotala anati mphira uja ndi lumo lija zinawononga dzanja pamodzi ndi njokayo. Pamene tinkabwerera kumudzi, Kamphonje anali atapita kalekale, nkhuku zotsala atazimangirira pandodo. Amuna aja anayamba kunena kuti iwo ankadziwa kuyambira pachiyambi kuti munthuyo ndi wabodza, koma mwezi wotentha utafika ankavalabe malaya a manja aatali kubisa mphini. Palibe mmodzi anabwera kudzapepesa kwa amayi.

Nkhafi siigwirika ndi zala ziwiri. Achimwene sanapitenso panyanja, ndipo ine sukulu ndinalekera pomwepo kuti ndizithandiza amayi kumunda. Bambo Saidi anawatenga achimwene kuti aziwathandiza kuyanika ndi kugulitsa usipa, ndipo ndi ntchito imeneyo anakwatira, analera ana. Thandala lija amayi anapempha linamangidwa ndithu, analimanga ndi achimwene omwewo, akukoka luzi ndi mano. Chulu chija lero kulibe, anthu anaumba njerwa. Thanthwe lilipo, ndipo adzukulu anga akamapita kumeneko nyengo ya mwera ndimawapatsa ndodo kuti azimenya udzu patsogolo, akaona mphiri abwerere, aisiye iwothe dzuwa lake. Njokayo ndinaikhululukira kale, inali m'nyumba mwake. Koma ndikamapemphera n'kufika pa mawu akuti monga ifenso tiwakhululukira amangawa athu, ndimaona jombo zija pamwamba pa thanthwe.

Mlungu wathawu Alimatu yemweyo ndi amene anandiimbira foni kuti bambo ake atisiya. Monga mwa mwambo wawo anawaika tsiku lomwelo, ndipo achimwene, imvi zili mbuu, anakankhana ndi anyamata kuti nawonso agwireko jeneza, chonyamulira maliro chija, ndi dzanja lawo la zala ziwiri. Atsala akazi awo okalamba amene saonanso bwino, Alimatu, ndi ana amasiye amene malemuwo ankalera. Inu amene mwawerenga izi, kaya mumagwada kutchalitchi kaya kumzikiti, chonde mukamapemphera mulitchuleko banja la Bambo Saidi.