Mkwiyo wa Delvin Narcisse

Delvin Narcisse ndi mlongo wanga, wondiponda pamutu. Tinakulira kuno ku New Iberia, pakati pa minda ya nzimbe, m'nyumba ya matabwa imene agogo athu aamuna anamanga. Anali mwana wosalankhulalankhula, wadyera pa mpunga ndi nyemba zofiira, ndipo pofika ku sekondale khosi lake linali litafanana ndi ntchafu yanga.

Pa mpira uja wogwetsana, woponya ndi manja, ankadziwa chinthu chimodzi, kusaka kotabeki, woponya mpira wa timu inayo. Ankawerama kumapeto kwa mzere, dzanja limodzi pansi. Mpira ukangoyamba ankafwamphuka, kuzemba chimphona chimene chamutchingira njira, n'kukagwetsa woponyayo mpira udakali m'manja. Kusukulu inali ntchito yomweyo, kukoleji yomweyo. Timu ina ya ligi yaikulu, ya kumpoto kozizira kuja, itamutenga, amayi anavina pakhonde atanyamula chikombe.

Zaka zoyamba zinayenda bwino. Kenako kunabwera kochi watsopano wa otchinga, dzina lake Kurt Brandvold, ndipo anasintha kaimidwe ka timu yonse. Anauza Delvin kuti achotse dzanja pansi, aziimirira chakunja kwa mzere ngati layinibeka. Pamalo amenewo ntchito ndi ziwiri. Nthawi zina umathamangira kotabeki, nthawi zina umabwerera m'mbuyo kukalonda owakha mpira, anyamata oonda aliwiro aja. Makochi ena amayamba aona kaye chimene munthu wawo amatha. Brandvold ankangomubweza m'mbuyo basi.

"Achemwali, munthu uyu akundipikisanitsa ndi agwape," anandiuza pa foni. "Ine thupi lonseli?"

"Wamuuza?"

"Ndamuuza. Akuti woganiza pano ndi iye, ine ndizingothamanga."

Chaka chimenecho amayi anati akufuna akamuone mwana wawo ndi maso. Anali asanakwerepo ndege. Ndinawaperekeza, tinakhala m'bwalomo titafunda bulangeti limodzi, iwo atavala jezi ya Delvin pamwamba pa juzi. Kawiri konse Brandvold anamusiya yekha ndi mnyamata waliwiro kwambiri wa timu inayo, ndipo kawiri konse mnyamatayo anamusiya Delvin kumbuyo n'kukagoletsa. Bwalo lonse linamukuwiza. Bambo wina kumbuyo kwathu anamutukwana mpaka kutchula mayi ake, osadziwa kuti mayiwo ali patsogolo pake.

Titabwerera ku hotela tinapeza Brandvold ali pa kanema, atolankhani atamuzungulira. Anamufunsa chimene chavuta. Iye anaseka pang'ono n'kuti, "Mnyamatayo miyendo ali nayo, koma kumutuku mulibe. Ena anabadwira kudula nzimbe."

Bambo awo a amayi anadula nzimbe moyo wawo wonse mpaka msana unapindika. Amayi anavula jezi ija, kuipinda bwinobwino, n'kuiika m'chikwama. Sabata yomweyo timu inamuchotsa Delvin, ndipo palibe ina imene inamufuna, poti mawu a kochi anali atafika paliponse. Nzimbe zisanakololedwenso amayi anagwa kubafa osadzukanso. Madokotala anati ndi kuthamanga kwa magazi. Delvin anati ndi Brandvold.

Analowa ntchito ku fakitale ya shuga. Kometetsa tsitsi anzake ankamuseka. "Eee, wabwera wodula nzimbe uja! Chikwanje wasiya kuti, mkulu?" Iye ankaseka nawo pang'ono, kenako n'kupita ku mtsinje kukathamanga pa chitunda chotchinga madzi, kukwera ndi kutsika mpaka kusanza. Kuseri kwa nyumba anakhoma mtengo pansi, anaukulunga ndi matayala, ndipo tsiku ndi tsiku ankaumenya ndi manja ngati akukankha munthu.

Ndinayesa kumulangiza. "Delvin, abusa akuti chidani chimadya mwini wake. Ingomusiya kwa Mulungu."

"Inu khululukani, achemwali, mtima wabwino muli nawo. Ine ndikusunga."

Chaka chitatembenuka, kochi wina wachikulire wa timu ya ku Texas, a Hollis Gaskins, anamuimbira. Tinali kukhitchini ndipo Delvin anakweza mawu a foni kuti ndimve nawo.

"Mwana wanga, ine sindikufuna uzilonda munthu," anatero a Gaskins. "Uziima chakunja kwa mzere monga muja anakuimikira, koma kumbuyo usabwerere. Ndizikulowetsa pokhapokha adani akapanikizika, akakhala kuti sangachitire mwina koma kuponya. Ukalowa, undibweretsere kotabeki. Wamva?"

"Timu yanga yakale ija tikumana nayo?"

"Masewero omaliza, konkuno kwathu."

"Ndikubwera mawa, aphunzitsi."

Nyengo yonseyo Delvin ankalowa mwa apo ndi apo, n'kugwetsa anthu. Sanasangalale nazo kwenikweni. Ndikamuyamikira ankangoti, "Amenewo si amene ndikuwafuna."

Pofika masewero omaliza aja, Brandvold anali atakwezedwa kukhala kochi wamkulu, koma timu yake inkaluza, ndipo nyuzi zinkati akagonjanso ntchito yatha. Ndinayendetsa galimoto ndekha mpaka ku Texas. Linali Lamulungu masana, dzuwa lili phwee.

Delvin atalowa koyamba anaima kumanzere. Anathamanga chozungulira, atapendekeka mpaka bondo kutsala pang'ono kukhudza udzu, chimphona chomutchinga chija chinangogwira mphepo. Kotabeki anagwa chagada. Delvin anadzuka, osakumbatira mnzake aliyense, n'kutembenukira kumbali kumene kunaima Brandvold. Anawerama, n'kuyendetsa mkono ngati akudula phesi la nzimbe patsinde. Anthu a ku Texas sanamve tanthauzo lake, anangokuwa. Ine ndinamva, ndipo ndinaimirira pampando.

Kachiwiri a Gaskins anamuika kumanja. Ananamizira kupita kunja, wotchingayo n'kutsegula miyendo, iye n'kudutsa m'kati, n'kugwetsanso kotabeki. Anadulanso nzimbe. Brandvold anayamba kumuikira anthu awiri, koma zimenezo zinangotsegulira njira anzake a Delvin, moti kotabeki uja anatha masanawo akuyang'ana kumbuyo ngati wakuba nkhuku.

Komabe anyamata a kumpotowo anali olimba. Nthawi itatsala pang'ono anali kumbuyo ndi pang'ono chabe, mpira uli wawo, akusendera kugolo. Delvin analowanso. Anatulukira kumsana kwa kotabeki pamene ankakweza mkono kuti aponye, anamenya mkonowo, mpira n'kugwa pansi. Anautola yekha. Kutsogolo kwake kunalibe munthu, ndipo chilowereni m'ligi anali asanagoletsepo. Bwalo lonse linkakuwa kuti athamange.

Iye anakhotera kumbali. Anatuluka m'bwalo akuyenda, anapatula osewera a timu yake yakale ngati chimanga, mpaka anafika pamene panali Brandvold. Anamukankhira mpirawo pachifuwa mwamphamvu moti chipewa chake chinagwa. Mawu amene ananena ndinawamva pambuyo pake kwa mwiniwake.

"Gwirani, bwana woganiza. Mukaonetse ana kunyumba, chifukwa kuno simudzapondakonso."

Panabuka chipwirikiti, oimbira anamutulutsa Delvin, koma mpira unali wa Texas ndipo anangousunga mpaka nthawi inatha, n'kupambana. M'mawa mwake Brandvold anachotsedwa ntchito.

A Gaskins anakwiya. "Iwe, wataya chigoli chifukwa cha munthu ameneyu?"

"Pepani, aphunzitsi. Chigoli sichikanandikhutitsa."

Nyengo yotsatira bondo lake linathyoka ndipo mpira unathera pomwepo. Anabwerera kuno akutsimphina, n'kutsegula kamalo kogulitsira nkhanu zowiritsa ndi soseji pafupi ndi mlatho. Anakwatira, ali ndi ana aakazi awiri, ndipo Loweruka ndimakamuthandiza.

Chaka chatha, tsiku lina Loweruka, panaima galimoto ya nambala zachilendo. Munatuluka bambo woonda, wa imvi, akuyenda ndi ndodo. Ine sindinamuzindikire mpaka atalankhula. Anadikira pamzere ngati wina aliyense, ndipo atafika kutsogolo anavula chipewa.

"Delvin, ndine Kurt Brandvold. Thupi silili bwino, ndiye ndikuyendera anthu amene ndinawalakwira. Mawu aja sanali oyenera. Ndinati tikhale pansi, tidye limodzi, ndipepese bwinobwino."

Delvin anapukuta manja pa epuloni. Kumbuyo kwake mphika waukulu unali ukubwata, wodzaza mpaka pakamwa.

"Nkhanu zatha," anatero.

"Koma ndikuona..."

"Zatha, bwana. Wotsatira!"

Mayi amene anali pambuyo anasendera, ndipo Delvin anamuthirira zodzaza thireyi, n'kuwonjezera chimanga ndi mbatata. Brandvold anaima pambali kanthawi, chipewa chili m'manja. Anandiyang'ana ine, mwina poganiza kuti mkazi amva chisoni. Ndinali nditagwira mpeni, ndikudula mandimu, ndipo ndinapitiriza kudula mpaka galimoto yake inawoloka mlatho.