Mkulu Womvetsera Ndege

Mkulu woyandikana nyumba ndi Loretta ku Gander, tauni ya bwalo lalikulu la ndege, sapereka moni asanayang'ane kumwamba. Kale ankasamala wailesi yoimba mluzu wolondolera ndege zowoloka nyanja. Masiku ano amangokhala pawindo, zomvetsera zili m'makutu, milomo ikugwedera. Amakonda kunena kuti, "Injini sinama, amanama ndi anthu."

Loretta samukhulupirira. Munthu wanji wodziwa ola lobwerera mwamuna wa mwini? Ena amanong'ona kuti amatumiza mawu ku Russia.

Lachiwiri lina masana kunagwa nkhungu yoti sungaone mpanda. Ndege ya injini zinayi imene Cyril, mwamuna wa Loretta, amailozera njira inachedwa maola awiri. Mkuluyo anagogoda.

"Make mwana, ikani ketulo pamoto. Bambo akubwera, koma ndi injini zitatu."

Loretta anafinyira khanda pachifuwa. "Mwadziwa bwanji? Inayo mwaichita chiyani?"

"Ine? Ndi mawondo owolawa? Tcherani khutu, amayi inu."

Kunali zii. Kenaka mkokomo wotsimphina unadutsa padenga, nutsikira kubwalo la ndege.

Tiyi Loretta anamupatsa ndithu mkuluyo, ndi shuga yemwe. Koma anamwera pakhonde, chitseko chili chokhoma.