Timoteyo Womanga Zigafa

Ndinene poyamba kuti ine Kefasi Mbewe ndili ndi pepala. Giredi wani ya zomangamanga, yosainidwa, yodindidwa, ili m'fulemu pakhoma kunyumba kwanga. Timoteyo Namakhwa analibe pepala lililonse kupatula khadi la ubatizo, nalonso chiswe chinalidya mbali imodzi. Muzikumbukira zimenezi pamene ndikusimba za iye, chifukwa anthu a pamsika pathu pa Kabzala akamasimba okha amaiwala dala.

Anafika kuno ku Mkanda mu 1993, pa lole yonyamula matenanti kuchokera ku Phalombe, iye ndi mkazi wake Consolata, mphasa imodzi ndi mapoto awiri. Kwawo minda inali itatha kugawidwa. Esiteti inawapatsa kanyumba ka udzu ndi munda wa fodya wa bale. Pa ulimi sanali katswiri, m'munda fodya wake ankafanana ndi wa anzake. Koma akangolowa m'chigafa, wa Timoteyo ankatuluka wofiira bwino, wopanda chuku, pamene wa ena ankawolera pa mikangala. Pasanathe zaka zitatu bwana wa esiteti anamuchotsa kumunda kuti azingomanga zigafa.

Kamangidwe kake kanali koseketsa. Asanakumbe dzenje la mphanda ngakhale limodzi, ankasonkha kamoto ka makoko a chimanga pamalopo, dzuwa lili paliwombo, n'kunyonyomala pambali kuyang'ana utsi. Masiku atatu, bambo wamkulu wandevu zake, kuonerera utsi. Akadziwa njira ya mphepo, ankaimika chigafa chopingasa njirayo, kuti mphepo izilowa mbali ino n'kutulukira mbali inayo. Ankayeza ndi kansungwi kofika m'khwapa mwake. Levulo sankaidziwa, sikweya ankaiyesa chida chokandira kumsana.

Tinadziwana kutchalitchi, ndipo sindinganame, tinkagwirizana. Zinthu zinayamba kundiwawa chifukwa cha khitchini. Ine ndinamangira mkazi wanga Tabeth khitchini ya njerwa zootcha, ya malata, ya pulasitala, yoti anthu odutsa ankaiyesa golosale. Koma utsi sunkatuluka. Tabeth ankaphika misozi ili chuchuchu, akutsokomola. Tsiku lina ndikubwera ku ntchito ndinapeza kumbuyo kwa nyumba kwaima kachisakasa ka mitengo ndi tsekera, Tabeth ali m'katimo akuimba nyimbo ya kwaya, utsi ukukwera bwinobwino n'kutulukira pamwamba.

"Wamanga ndani ichi pakhomo panga?"

"A Timoteyo. Sanalipiritse n'komwe. Inu a Mbewe, khitchini yanu ija ndaikamo nkhuku."

Nkhuku. Mmisiri wa giredi wani kumangira nkhuku. Sindinadye tsiku limenelo, ndipo Lamulungu lotsatira Timoteyo atandipatsa moni ndinamuyankha ndikuyang'ana kumbali.

Zaka zinapita. Ana ake awiri anakula, wina analowera ku Joni, wina anakwatiwa ku Chipata n'kusiya kulemba makalata. Consolata anamwalira mu 2015, anaikidwa kumanda a matenanti, kuseri kwa mabulugama a esiteti. Timoteyo anatsala yekha m'kanyumba komwe kaja, tsitsi litachita mbuu. Kenako fodya anagwa mtengo, esiteti inagulitsidwa, ndipo mwini watsopano, wolima soya ndi mathirakitala, analengeza kuti matenanti onse akhale atachoka pofika kumapeto kwa Okutobala. Timoteyo analibe dothi ngakhale lodzala chikhatho m'Mchinji muno. Ku Phalombe nako, patatha zaka makumi atatu, ndani akanamusungira munda? Ankafuna chinthu chimodzi basi, malo ogona kufupi ndi manda a mkazi wake.

Chaka chomwecho bungwe lina linabwera kudzakonza pa Kabzala. Anati agwetsa zisakasa za pamsika, amanga mashedi atsopano, akumba ngalande, ndipo pakati pake aimika holo ya zachikhalidwe, yovinira ingoma ndi chimtali, yochitiramo maukwati ndi mipikisano ya makwaya. Kumbuyo kwa holoyo kudzakhala kanyumba ka zipinda ziwiri ka woisamalira. Wojambula mapulani anali mayi Dyna Kwacha, wa ku Lilongwe, wachitsikana ndithu, wovala zipewa zazikulu. Ine ndinachapa ovolosi yanga, ndinamuonetsa sukulu, mashopu asanu ndi nyumba ya abusa zomwe ndinamanga. Ankangogwedeza mutu mwaulemu, akudzipepesa mphepo ndi kope lake.

Tikubwerera, mvula yachizimalupsa inatipeza pa esiteti, tinathawira m'chigafa. Mvula itakata dzuwa linatentha koopsa, koma mayi uja sanafune kutuluka. Anayang'ana m'mwamba nthawi yaitali, akuyenda mphanda ndi mphanda, akugwira pomwe luzi lamanga mitanda.

"Muno mukuzizira bwanji chonchi? Wamanga ndani?"

Ndinayankha kuti ndi tenanti wina chabe. Anati akufuna kumuona lero lomwe.

Sabata yonse imeneyo ankakhalira limodzi. Mayi wa digiri kunyonyomala pafumbi pafupi ndi Timoteyo, kuonerera utsi wa makoko pamalo a holo, akulemba chilichonse chotuluka m'kamwa mwa mkuluyo ngati ndi uthenga wa paguwa. Ine ndili chilili poteropo ndi levulo yanga m'manja, palibe wondifunsa ngakhale nthawi. Pulani itatuluka, inali chigafa chenicheni chovekedwa njerwa: denga lalitali lotseguka pamsonga, zipupa za mabowo mbali ziwiri. Zikhomo anakhoma awiriwo, ndipo holoyo inaima mopotoka, phewa limodzi kumsewu. Akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, koma kalumo kameneka kankameta ine.

Pa msonkhano wa komiti ya chitukuko, mayi Kwacha anapempha kuti Timoteyo akhale kapitawo wa ntchitoyo, ndipo ikatha adzakhale wosamalira holo, m'kanyumba kaja. Ndinaimirira ndisanapatsidwe mpata. Ndinati bungwe likufuna munthu wa mapepala, denga likadzagwera ana tidzamanga ndani? Ndinati kumanga khola la fodya si kumanga nyumba ya anthu. Ndinawonjezanso china chimene sindikondwa kuchibwereza, chakuti malo ano ali ndi eni ake, obwera adikire kaye. A Gerald Zulu, apampando, anagwirizana nane. Ukapitawo unagwera ine. Timoteyo anali pa benchi yakumbuyo, chipewa pa bondo.

Mayi Kwacha anabwerera ku Lilongwe, anati ali ndi ntchito ina ya masabata asanu ndi limodzi. Tisanakumbe maziko, anthu anayamba kuseka. Akabaza pa siteji ankati holo yakwiya ndi msewu. Amayi ogulitsa tomato ankafunsa ngati kapitawo ali ndi diso limodzi. Kuno kwathu nyumba imayang'ana msewu, shopu imayang'ana msewu, tchalitchi chimayang'ana msewu. Chinthu chopotoka pakati pa mashedi oongoka chikanatchedwa cha Kefasi mpaka imfa yanga. Ndinazula zikhomo zonse, ndinakoka chingwe kuchokera kumsewu, n'kuziongola. Miyeso yonse ya papulani ndinaisunga, sindinabe ngakhale inchi. Ndinangoitembenuza pang'ono kuti ioneke ngati yomangidwa ndi munthu wopita kusukulu.

Mayi uja anabwera pakati pa Okutobala, zipupa zitafika pa lintala. Atangotsika galimoto anaima, n'kuvula chipewa. Analowa m'kati, anaima pakati, thukuta likuyenderera. Kenako anatola makoko pa mulu wa zinyalala, anawayatsa panja pa chipupa cha mabowo. Utsi unakwera, unatsetsereka m'mbali mwa chipupacho n'kupitirira ulendo wake kumsika. M'kati simunalowe ngakhale kafungo.

"A Mbewe," anatero motsitsa mawu, "muno mudzalowa anthu mazana anayi ovina. Mwawamangira uvuni. Ndikupatsani sabata imodzi. Mukapanda kupeza njira, tigwetsa, ndipo ndilemba chifukwa chake."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lolemba m'mawa ndinapalasa njinga kupita ku esiteti. Nyumba zambiri za matenanti zinali zitasasulidwa kale madenga. Timoteyo ndinamupeza pakhonde akusoka thumba la katundu. Anandipatsa mpando wake umodzi womwewo, iye n'kukhala pansi. Ndinazungulira nkhani, za mvula, za matenda a abusa, mpaka iye mwini anandidula.

"Achimwene, ndinaiona holo ija. Mwaiongola."

Sanaseke. Akanaseka, bwenzi nditapeza pomukwiyira. Anasalaza dothi ndi chikhatho, anajambula holo ndi chala, najambula mzere wa mphepo. Anati bwana wina wakale wa esiteti ankafunanso zigafa zoima pamzere ngati asilikali, ndiye iye ankamanga mpanda wa tsekera wotuluka pa ngodya, wopendekeka, kuti uzigwira mphepo n'kuikankhira m'kati. "Inu mumange wa njerwa, pa ngodya ya kummawa iyi. Utalike masitepe asanu ndi atatu. Mabowo a mbali inayo muwakweze, mpweya wotentha umafuna pamwamba."

Ndikukwera njinga anandigwira chishalo. "Kanyumba kaja sanapereke kwa wina? Sindikufuna ukapitawo, achimwene. Kusesa kokha ndingathe. Lole ya ku Phalombe inyamuka Loweruka, koma mukandiuza kuti pali chiyembekezo, ine sindikwera."

Ndinati ndikanena kukomiti.

Tinamanga mpandawo masiku awiri. Lachinayi mayi Kwacha anayatsanso makoko. Utsi unagunda mpanda, unakhota, unalowa m'mabowo, unadutsa m'holo monse n'kutulukira pamwamba mbali inayo. Anyamata a matope anaomba m'manja. Mayi uja ananditembenukira nkhope ikuwala, nkhope yomwe ija ankayang'ana nayo Timoteyo.

"Mwaganiza bwanji zimenezi, a Mbewe?"

"Zaka makumi atatu ndili pa ntchito, mayi," ndinatero. Zinatuluka zokha, ndipo zinakoma.

Asanakwere galimoto anatulutsa envulopu m'chikwama. Anati walimbana ndi akuluakulu a bungwe mwezi wonse, ndipo avomera kuti wosamalira holo safunika mapepala. Kanyumba kaja ndi ka a Namakhwa, akhoza kulowa ngakhale mawa, denga lilipo kale. Mkuluyo analibe foni. "Inu mukudziwa kwawo, mukawapatsire lero. Muwauzenso kuti ndikadzabwera adzandionetse holo yawo."

Holo yawo. Ndaikonza ine, wandiyamika ine mphindi zisanu zapitazo, koma ikadali yawo. Ndinapinda envulopu ija n'kuiika m'thumba la ovolosi. Ndinadziwa kuti Timoteyo akangofika pamalopo, mayi uja adzamufunsa za mpanda, ndipo munthu uja sankadziwa kunama. Lachinayi ndinati kwada. Lachisanu ndinati simenti yabwera, sindingasiye anyamata okha. Ndinadziuza kuti malole a matenanti sanyamuka pa tsiku lake, amachedwa sabata yathunthu. Ndinkangofuna masiku ochepa oti mpanda uja ukhale wanga. Nsanje imeneyo, ndikuitchula dzina lake, musavutike kundithandiza.

Ndinapita ku esiteti Lolemba. Kanyumba ka Timoteyo kanali kopanda chitseko, m'kati mosesedwa. Mayi Esitele, amene ankakhala moyandikana naye, anali akumanga mitolo yawo. Anati lole inabwera Loweruka m'mawa monga ananenera. Anati Lachinayi ndi Lachisanu lonse a Namakhwa anakhala pa mphambano, akuimirira njinga iliyonse ikatulukira. Loweruka anapempha dalaivala kuti adikire pang'ono, anapita kumanda, anabwerako, anayang'ananso kumsewu, n'kukwera. Ndinafunsa mudzi wake ku Phalombe. Anati iwo ndi a ku Dedza, sankaudziwa. Mabuku a matenanti anapita ndi mwini wakale.

Mayi Kwacha ndinawauza kuti ndinamupeza atapita. Si bodza, komanso si zoona.

Holo inatsegulidwa mwezi wa Meyi. Ingoma inavinidwa, anthu anadzaza mpaka m'makomo, ndipo palibe anadzipepesa mphepo. Pakhoma pali chikwangwani cha mkuwa, dzina langa lili pamzere wachinayi. Palibe amaliwerenga. Anyamata a matope aja anali atandiona ndikupalasa kupita ku esiteti, ndipo pakamwa pawo sipatsekeka. Lero mukakwera kabaza pa Mkanda n'kunena kuti mukupita ku holo ya zachikhalidwe, akufunsani kuti iti. Muyenera kunena kuti ku Chigafa cha Timoteyo. Makadi a ukwati amalemba choncho, ngakhale abusa polengeza amatero.

Zimandipsetsa mtima mpaka lero, ndipo chimene chimandipsetsa kwambiri n'chakuti munthu uja anandipatsa mpando wake, iye n'kukhala pansi, akudziwa zonse zimene ndinanena kukomiti. Ngakhale pa ubwino anandiposa. M'kanyumba kaja a Zulu anaikamo mphwawo, amene amasungiramo matumba a feteleza. Chaka chatha ndinakwera basi mpaka ku Phalombe, envulopu ili m'thumba la jekete. Ndinayenda misika itatu ndikufunsa za mkulu womanga zigafa, wotchedwa Namakhwa. Anandiuza kuti a Namakhwa kumeneko ndi ambiri, ndipo anandifunsa kuti ndine ndani wake. Ndinati tinkapemphera limodzi.