Tsiku Limene a Kosta Sanavule Chipewa

Lachlan Treloar anabadwira ku Ipswich, mwana wa makaniko wa mabasi, ndipo anadya za mpira wa besibolo, uja womenya ndi ndodo, zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Sanali mwa oponya aja oyamba masewero, amene nkhope zawo zimatuluka m'nyuzipepala. Iye ankalowa pakati, woyambayo akatopa zinthu zitathina. Ankaponyera omenya atatu, mwina anayi, basi n'kukakhala pansi. Sanali katswiri woimbidwa nyimbo, ndipo mwini wake sanadzitchepo choncho.

Oponya odikirawa amakhala kumapeto kwa bwalo, m'kampanda kamene amati khola. Foni ikalira, ndiye kuti mphunzitsi watchula dzina, ndipo mwini dzinalo amadzuka kukatenthetsa mkono. Wowakha mipira m'kholamo anali a Kosta Vlahos, bambo wa mawondo otha. Mwambo unali wakuti mkono ukapsa, ndiye kuti wakonzeka kuponya, a Kosta ankavula chipewa n'kuchikweza, mphunzitsi n'kuona ali kutali, n'kuitana. Chipewa chikakhala pamutu, munthuyo salowa.

Lachlan ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, Lamlungu lina la Januwale dzuwa likuswa mtengo, kunabwera mkulu wochokera ku America wofuna osewera. Anakhala kuseri kwa ukonde ndi kachipangizo koyezera liwiro la mpira, ndipo aliyense ankadziwa kuti anyamuka mawa lake. Chimene sankadziwa n'chakuti chigongono cha Lachlan chinali chitawawa milungu itatu, iye osauza munthu.

Foni inalira.

"Dzuka, Mlongoti, akukufuna," anatero a Kosta, pomutchula dzina limene anam'patsa chifukwa cha kutalika.

Anaponya kakhumi ndi kawiri. Mpira womalizawo a Kosta sanabweze.

"Chigongono chatsika. Chinayamba liti kuwawa?"

"Madala, mwasanduka dokotala liti? Vulani chipewa."

"Ndakuwakha zaka ziwiri iwe. Dzanja ili limadziwa mpira wako monga mayi ako ankadziwira kulira kwako. Lero ukuponya mozemba."

"Munthu uja akupita mawa! Vulani chipewacho. Kapena mukuopa kuti anthu aona dazi?"

Khola lonse linaseka. A Kosta anasekanso pang'ono, koma chipewa anachikanikizira m'mutu. Foni italiranso anangoti, "Sanapse, bwana. Tengani Dwyer."

Dwyer, woponya mnzake wa m'kholamo, analowa, anatulutsa omenya atatu motsatizana, ndipo patangotha mwezi anakwera ndege ya ku America.

Pomva mawu a a Kosta, mphunzitsi anatumiza Lachlan kuchipatala. Dokotala anamuonetsa chithunzi: mtsempha wa m'chigongono unali utanyenyeka ngati chingwe chakale cha zovala. Akanaponya mwamphamvu masana aja pofuna kuonetsa mlendo, ukanaduka. Ngakhale anamva zimenezi, Lachlan sanathokoze. Munthu amene wakupulumutsa mokuchititsa manyazi savuta kumudziwa, amavuta kumuyang'ana m'maso. Anakhala chaka chathunthu kugalaja ya bambo ake akupatsira masipanala ndi dzanja lamanzere, ndipo akaona a Kosta m'tauni ankawolokera tsidya lina la msewu.

Atabwerera m'khola, liwiro linali litachepa. A Kosta sanakumbutse zakale. Anangom'sonyeza kagwiridwe kena ka zala, kochititsa mpira kutsika mwadzidzidzi ukafika pa womenya, moti ankangoupalasira pansi. Mpira umenewo ndi umene unam'fikitsa ku America ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu. Kumeneko anatha zaka zisanu ndi ziwiri m'mabasi a matimu ang'onoang'ono, kuyendera timatauni timene mayina ake anaiwala. M'ligi yaikulu anakhalamo masiku khumi ndi limodzi, ndipo anthu akafunsa amanena nambala yomweyo, osawonjezera. Kenaka Taiwan, kenaka kwawo.

Masewero ake otsiriza anali pabwalo lomwe lija. A Kosta tsopano ankawakha atakhala pachidebe, mawondo atakaniratu. Foni inalira kutatsala womenya mmodzi. Lachlan anaponya kasanu ndi katatu, ndipo a Kosta anaugwira mpira osabweza. Lachlan anakumbukira Lamlungu lija.

"Nanga lero, madala?"

"Mkono wa nkhalamba," anatero a Kosta. "Koma wapsa."

Anavula chipewa n'kuchikweza, dazi lonse pambalambanda.

Lachlan anaponya kawiri kokha. Womenyayo anapalasira mpira pansi, anam'tulutsa asanafike pamalo oyamba othamangirapo, masewero n'kutha. Mpira wotsiriza umapatsidwa kwa woponya kuti akasunge kunyumba. Iye anaulandira, anadutsa anzake amene ankam'sisita pamsana, n'kuyenda bwalo lonse kubwerera kukhola. A Kosta anali akadali pachidebe, chipewa chili m'manja. Lachlan anauika mpirawo m'chipewamo.

"Uwu ndi wa Januwale uja," anatero. "Zikomo, madala."

A Kosta anauzunguza mpirawo m'zala. "Zikomo wako wayenda wapansi, Mlongoti. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi!"

"Koma wafika."

"Wafika. Tandidzutsa tsono, mawondowa agona."

Lachlan anawapatsa dzanja lamanja, lomwe lija, n'kuwakoka mpaka anaimirira.