Dzina la malemu pa mzere wobiriwira

Zimene ndikukuuzanizi si zongomva ayi, zinandichitikira ineyo dzuwa likuswa mtengo, pa fakitale ina ya tiyi kwathu kuno ku Thyolo, ndipo wokayika akafunse ku malaini kumene kumakhala antchito, ngati alipo amene angavomere kuti tsikulo analipo.

Ine sukulu ndinalekezera fomu 2, ndipo mtima wanga ndi wapachala, sindibisa. Ntchito ndinapeza yosesa mu ofesi, mmene munali bambo ena achikulire a ku Mphuka oyang'anira makompyuta. Ankanditchula kuti mphwanga, ndipo ataona kuti ndimasuzumira kwambiri anayamba kundiphunzitsa. Chomaliza kundionetsa chinali pulogalamu yotchedwa tmux. Anati fakitale ili ndi kompyuta yaikulu imene sizimitsidwa, ife timailowa kudzera pa ya padesiki, koma netiweki ikaduka ntchito imene unayamba imafera pomwepo. Tmux ndiye imaisunga: umatsegula chipinda chako mkatimo n'kuchipatsa dzina, n'kuyambitsa ntchito, ukadina Ctrl ndi b kenako d watuluka koma ntchito ikupitirira, pobwerera umangolemba tmux attach. Chipinda chawo anachitcha dzina lawo, ndipo mmenemo munkayenda pulogalamu yowerenga kutentha kwa makina oumitsira tiyi, imene imaliza belu moto ukachuluka.

Bambowa anamwalira mwadzidzidzi. Titaika maliro, abwana anandiuza kuti ndiziyang'anako pamene akufunafuna munthu wina. Ndinakhala pampando wa malemu n'kulemba tmux attach, basi dzina lawo linatulukira pa mzere wobiriwira pansi pa sikirini, manambala akutsika okha ngati mwini wake wangopita kukamwa madzi. Ine ndinkadziwa chifukwa chake.

Mlonda wa pageti anadutsa pawindo, n'kuwerenga dzinalo, n'kundifunsa kuti akulembayo ndani poti manja anga ali pamiyendo. Ine ndinamukalipira kuti akayang'ane geti lake. Pofika nthawi yoyeza tiyi pa sikelo mbiri inali itawanda munda wonse kuti mnyamata wa tsache uja anapha bambo a makompyuta aja m'matsenga n'kuwasandutsa ndondocha, kuti aziwagwiritsa ntchito mu kompyuta iye akudyerera mpando.

M'mawa mwake anthu othyola tiyi anadzaza pakhomo, ena atanyamula zikwanje zodulira tiyi, patsogolo pali mng'ono wake wa malemu. Abwana anadzitsekera mu ofesi yawo. Mng'ono wa malemuyo sanakweze mawu, anangondifunsa kuti nzeru za zaka zonse zija zinalowa bwanji m'mutu mwa wosesa, nanga alamu ake akulotanji amuna awo akudandaula kutopa usiku uliwonse. Ndinayesa kufotokoza kuti ndi pulogalamu chabe, iye anati ngati ndi pulogalamu, dzina la achimwene ake likutani pamenepo, pulogalamuyo anabadwa nayo mimba imodzi? Ena anaseka, koma kumbuyo ndinamva wina akufunsa za petulo. Dzanja langa linali litagwira kale mwendo wa mpando, ndikufuna kum'phwanya nawo mng'ono wa malemuyo, ndipo ndikanatero lero bwenzi mukuwerenga za ndani?

Vuto linali lakuti makina oumitsira anali akuyaka. Kungotseka chipinda cha malemu cha mu kompyuta chija, belu likanafa, tiyi n'kupsa kapena fakitale kumene kugwira moto muli anthu. Kuchisiya, wopsa ndinali ine.

Ndinasiya mpando uja n'kupempha kuti abambo aja, ang'ono awo a malemu, alowe okha aone. Pamaso pawo ndinalemba tmux new, chipinda chatsopanocho n'kuchitcha choumitsira, n'kuyambitsamo pulogalamu ija. Ndinawauza kuti katundu yense ndamusenza ine, ngati pali wotopa akhale ineyo. Kenako ndinabwerera m'chipinda chakale, n'kuwakhazika pampando wa achimwene awo, n'kumawalozera zilembo za tmux kill-session. Munthu sanagwirepo kompyuta chibadwire, ankadina ndi chala chimodzi chokhakhala ndi tiyi, koma anakana kuti ndimuthandize, anati womasula m'bale wake ndi iye. Atadina Enter mzere wobiriwira unazimiririka pamodzi ndi dzina lija. Anayang'ana sikirini yakudayo, kenako anayankhula motsitsa m'Chilomwe kuwauza achimwene ake kuti aweruke, akapume. Atatuluka anauza anthu kuti zatha, ndipo anabalalika osandiyang'ana, palibe anapepesa.

Ine sindikhulupirira kuti mu kompyuta munali mzimu, ndimadziwa mmene tmux imagwirira ntchito ndipo ndimaigwiritsa tsiku lililonse. Koma ndimakhulupirira kuti ntchito yoyenda m'dzina la munthu amene ali m'manda imalasa amoyo, ndipo wolira sum'yankha ndi ukali kapena ndi Chingerezi. Inu amene mukuyamba kumene, chipinda muzichitcha dzina la ntchito, osati la munthu. Mnzanu akachoka kapena akatisiya, lembani tmux ls muone zimene wasiya zikuyenda, musamutse zofunika, zake mutseke mwaulemu anthu asanazione pawindo.