Oyilo wa amalume m'njinga yanga

Inu owerenga, ine ulemu unatsala pang'ono kundibwezera ku Malawi chimanjamanja. Ndinathira oyilo wa galimoto m'njinga yamoto chifukwa choopa kukana mphatso ya munthu wamkulu.

Ndine mzimayi, ndipo nthawi imeneyo kampani ina ya ku Montague Gardens, mumzinda wa Cape Town, inkandiyesa ntchito yoperekera timaphukusi kwa makasitomala, panjinga yangayanga. Anzanga pantchitoyo onse anali amuna, ena akwathu komwe, ndipo ankangodikira tsiku loti ndilephere.

Amene anandiitanitsa kuno ku Cape Town ndi amalume anga, ogwira ntchito yosamalira maluwa ku Constantia. Atamva za ntchitoyo anabwera ndi chigubu cha oyilo wotsala amene abwana awo anawapatsa. "Uyutu ndi wa galimoto yodula, mwanawe. Njinga yakoyo iziuluka." Nanga amalume n'kuwakanira? Ndinagwada, kulandira ndi manja awiri, n'kuthira tsiku lomwelo.

Kuuluka kwake kuti! Ndikafika pachitunda injini inkangolira ngati mbuzi yomangidwa, liwiro osaoneka. Katundu anayamba kufika mochedwa. Amuna aja kuseka, ati dzanja la mkazi silidziwa kilatchi. Kapitawo anandiuza kuti sabata inayo zikakhala chomwecho ndidzabweze yunifolomu. Zinandiwawa, abale, moti ndinkalira ndili pamsewu.

Loweruka ndinapita kwa makaniko wina wa ku Mzimba amene amakonza njinga ku Nyanga, dera lina la mumzinda uno. Atangoiyendetsa pang'ono anafunsa, "Achemwali, munathira oyilo wanji?" Nditawaonetsa chigubu anagwira pakamwa. Anandifotokozera kuti m'njinga ngati yanga, kilatchi, yomwe imapititsa mphamvu ya injini ku tayala, imasamba mu oyilo yemweyo wa injini, ndiye wa galimoto amaterera kwambiri, kilatchi n'kumalephera kugwira. Anakhuthula yense, kusintha timbale ta kilatchi tomwe tinapsa, n'kuthira oyilo wa njinga.

Lolemba ndiye munali nkhani. Pachitunda china ndinapeza mkulu wina amene ankatsogolera kundiseka akukwera movutikira ndi mphepo. Ndinamudutsa ngati waima, hutala ndikuliza, mkono m'mwamba. Sabata imeneyo palibe anandiposa kufikitsa katundu, ndipo ntchito ndinalembedwa. Lero ankandiseka aja akafuna kugula oyilo amayamba afunsa ine.

Ndiye inu owerenga, oyilo si ndiwo zoti mungapemphe kwa aneba. Kudula kwake kusakunyengeni. Werengani pachigubu ngati walembedwa kuti ndi wa njinga yamoto, ndipo ngati simukudziwa funsani makaniko musanathire. Ine ndikanafunsa, sindikanalira misozi ija.

Mwezi wathawu amalume anabweranso ndi chigubu china, nkhope ili mwee. Ndinagwada, kulandira ndi manja awiri, kuthokoza kwambiri. Atangotsanzika ndinakathira m'mahinjesi a geti, ndipo mpaka lero silinalireko.