Mayi Clara Namakhwa, Amene Anatchinga Miyala ndi Thupi Lawo

Akhristu achinyamata a ku Matawale anawadziwa mayi Clara Namakhwa ali ndi diso limodzi, koma sanabadwe choncho. Anabadwira kuseri kwa phiri la Zomba, m'banja la Alomwe ochokera ku Mozambique. Sukulu sanapite nayo patali. Kuyambira ali mtsikana ankasenza nkhuni kutsika nazo phiri la Zomba, ndipo amuna awo atamwalira, nkhunizo ndi zimene zinalera mwana wawo mmodzi yekhayo, Thom. M'tchalitchi ankakhala kumbuyo kwenikweni, nkumaimba mokweza koma mophonya, moti akwaya anaphunzira kupirira chifukwa cha iwo.

Mayesero awo aakulu anafika mu 2017, mphekesera za anamapopa zitapengetsa anthu. Masana ena akutsika ndi mtolo, anapeza khamu litazinga bambo wina pamsewu. Anali a Ramadhani a ku Malosa, odwala shuga, ndipo m'chikwama mwawo anthu anapezamo majakisoni a mankhwala awo. Mlandu unathera pomwepo. Anawang'ambira malaya, kuwathyola nthiti ndi mwendo ndi zibonga, mano awo ali m'fumbi. Tayala linali kale pambali, wina atathamangira petulo. Pakati pa ogendawo mayi Clara anaona Thom, mwala uli m'manja.

Mantha anawagwira. Komabe anaponya mtolo pansi nkukadzigwetsa pamwamba pa munthu amene sankamudziwa ndi dzina lomwe.

"Amayi, chokanipo!" anakuwa Thom. "Ameneyu si munthu!"

"Si munthu? Nanga magazi andinyowetsawa ndi a mbuzi?" anayankha mayiwo. "Anamuumba ndi Mulungu yemwe anakuumba iwe. Yambani ndi ine."

Koma miyala sinaleke msanga. Wina unawang'amba khutu, wina unawaphwanya diso lakumanzere, ndipo ambiri anaona kuti dzanja limene linauponya linali la Thom. Mayi Clara sanasunthe. Anthu ataona magazi a mayi amene ankawagulitsa nkhuni, manja awo analemera, nkuyamba kuzemba mmodzimmodzi. Thom anakwera minibasi ya ku Blantyre osatsanzika.

A Ramadhani anachira, ngakhale ankayenda motsimphina, ndipo sanaleke kudzazonda mayi Clara. Apolisi atafunsa amene anawagenda, mayiwo anati anasiya zonse m'manja mwa Mulungu. Tikawatamanda ankakwiya zenizeni. "Ine ndine dothi ngati iwowo," ankatero. "Ndinangogwa. Nkhalamba sizigwa kodi?" Koma mtima unkawawawa chifukwa cha mwana wawo, ndipo ankamutchula m'pemphero lililonse.

Mwezi watha, matenda atawafooketsa, Thom anabwera. Anaima pakhomo ngati mlendo, mutu uli pansi, pakuti a Ramadhani anali chiimire pafupi ndi mphasa ya amayi ake. Mayi Clara anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Thom, mwanawe, bambowa mwendo umawavuta," anatero motsitsa mawu. "Apatse mpando."

Thom anapita kukatenga mpando, kuupukuta ndi malaya ake, kuuika kumbuyo kwa a Ramadhani, nkugwada akulira.

"Khalani pansi, bambo," anatero.

Mayi Clara anadikira mpaka bambowo atakhala, kenako anatseka diso lawo mwamtendere. Ambuye awalandire, ndipo ife otsala atiphunzitse kuona munthu monga ankamuonera iwo.